Sitata yolira mwa apo ndi apo: mmene mungapezere vuto musanagule ina

Sitata yofa kotheratu sivuta, mumangoimasula n'kukakonzetsa. Yovuta ndi ija yosankha nthawi. M'mawa galimoto yalira bwinobwino, masana mwaima pagolosale, pobwerera mukupotoza kiyi n'kungomva kuti "kha!" kamodzi, kenako zii. Mupotozenso kawiri katatu, yalira. Mukafika nayo kugalaja, pamaso pa makaniko ikulira ulendo uliwonse, ndiye naye amayamba kulota: lero batire, sabata yamawa sitata, ndalama zikungotuluka vuto lili pomwepo.

Vuto lotere limagwidwa pa nthawi imene likuchitika. Kuyeza galimoto ikulira bwino n'kutaya nthawi, chifukwa chilichonse chimaoneka chabwino. Choncho zida muziyenda nazo m'galimoto momwemo: multimeter (mita yoyezera magetsi) yotsika mtengo, mawaya ojampira, sipanala ya 10 (ndiyo imamasula matemino a batire pa galimoto zambiri za ku Japan), ya 12 ndi ya 14, tochi, ndi ndodo kapena chigwiriro cha hamala. Pamafunikanso munthu wina woti azipotoza kiyi inu mukuyang'ana kuboneti.

Zonse ndikulemba apa ndi za galimoto ya batire la 12V. Malole ambiri monga Canter amayendera 24V, kotero manambala ake ndi ena. Toyota Aqua ndi Prius zilibe sitata ya mtundu uwu n'komwe, eni ake asavutike kuwerenga.

Njira ziwiri za moto

Musanagwire sipanala, dziwani kuti moto umafika ku sitata kudzera njira ziwiri. Njira yaikulu ndi ya waya wonenepa uja: kuchoka pa temino ya + ya batire, kukafika pa bauti ya pa solenoid (kachitini kokwera pamsana pa sitata), kudutsa m'kati mwa solenoid, kulowa m'mota, kutulukira pa thupi la sitata, kulowa m'injini, kenako kubwerera ku temino ya − kudzera pa waya wa earth. Njira yaing'ono ndi imene imangopereka lamulo: kuchoka pa kiyi, kudutsa pa fyuzi, pa switch ya giya kapena ya kilachi, pa relay (kaswitch koyatsidwa ndi magetsi), kukathera pa kawaya kakang'ono kolowa pa solenoid.

Sitata ya galimoto yaing'ono ya petulo imakoka ma amp oposa 100, nthawi zina kufika 200, ndipo ya dizilo imaposa pamenepo. Nyali ziwiri zakutsogolo zimangodya pafupifupi ma amp 10. N'chifukwa chake mawu oti "batire lili bwino, wailesi ikulira" alibe ntchito. Temino yadzimbiri imatha kudutsitsa moto wa wailesi ndi nyali popanda vuto, koma ikafunsidwa moto wa sitata imatsamwa. Zili ngati mpopi wa paipi yotsekeka ndi matope: kapu imadzaza, koma mgolo mudikira mpaka dzuwa kulowa.

Yambani ndi khutu

Ikakana, zimitsani wailesi ndi fani, tsitsani galasi, potozani kiyi ndipo mumvetsere. Kugogoda kothamanga kuti "khakhakhakha" nthawi zambiri ndi batire lofooka kapena temino yosagwira: solenoid ikukoka, moto ukugwa, ikusiya, ikukokanso. Kugogoda kumodzi kwamphamvu kochokera kuinjini ndiye kuti lamulo lafika, solenoid yakoka, koma moto waukulu sunadutse kapena mota yakana. Kukakhala zii, kapena kakungomveka kaphokoso kakang'ono ka relay, ganizirani njira yaing'ono ija. Injini ikamazungulira mwaulesi, ndi moto wochepa kapena sitata yotha m'kati. Sitata ikamathamanga yokha kuti "wiiii" injini osazungulira, kapena kukamveka kukukuta kwa zitsulo, limenelo ndi vuto la mano olumikiza sitata ndi injini, tifika.

Lembaninso m'foni nthawi imene yakana. Injini ili yotentha kapena yozizira? Kunagwa mvula? Mwangochoka mumsewu wa mabampu? Yagona masiku angapo osalizidwa? Zimenezi zimamuthandiza makaniko kuposa kumuuza kuti "imangovuta".

Osapitiriza masekondi 10 mpaka 15 mukupotoza kiyi. Sitata ilibe choiziziritsa, ipatseni mphindi imodzi ipume.

Kenako yatsani nyali zakutsogolo, mnzanu aziyang'ana inu mukupotoza. Zikazima kapena kufiira kwambiri, moto ukuchepa: batire, matemino, kapena sitata yokoka moto wambiri. Zikakhala zowala chimodzimodzi, sitata sikukoka moto uliwonse, ndiye vuto lili pa lamulo, pa solenoid kapena pa mabulashi (timakala topereka moto m'kati mwa mota). Mayeso amenewa safuna chida, koma amagawa ntchito yanu pakati.

Batire

Ikani multimeter pa 20V DC. Batire lodzaza, galimoto itaima kwa maola angapo, limaonetsa 12.6V. Likaonetsa 12.4V lili cha pa 75 peresenti, 12.2V ndi theka, ndipo pansi pa 12.0V latsala pang'ono kutheratu. Koma nambala yofunika kwambiri ndi ya pamene kiyi wapotozedwa. Gwiritsani nsonga za mita pa mitu yamtovu ya batire yeniyeniyo, osati pa zomangira, mnzanu apotoze. Ikatsika pansi pa 9.6V, batire lafooka kapena sitata ikukoka mopitirira. Kuti musiyanitse ziwirizi, jampani ndi galimoto ina: ikalira mwamphamvu, wolakwa ndi batire. Ikapitiriza kuzungulira mwaulesi ndi batire labwino, vuto lili pa mawaya kapena m'sitata.

Injini ikalira, yezaninso. Pazioneka pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Pakaoneka 12 ndi kanthu, alternator sikutchaja, kapena lamba wake walephera kugwira, ndipo batire latsopano limene mungagule lidzatheranso momwemo. Ngati batire lanu ndi la zitsekerero, onani madzi ngati akuphimba mapuleti, ndipo muonjezere madzi a batire okha, osati a pampopi.

Matemino ndi earth: apa khalanipo

Pa galimoto zakale zimene ndaziona, vuto la apo ndi apo limapezeka kuno kawirikawiri kuposa m'sitata mwenimwenimo, ndipo kukonza kwake sikufuna ndalama. Gwirani temino ndi dzanja muyese kuipotoza. Ikasuntha ngakhale pang'ono, mwapeza chimodzi. Yang'anani ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamutu pa batire. Yang'ananinso ngati wina anakhomerapo msomali kapena sikuluwu pakati pa temino ndi mutu kuti zigwirane. Msomali umenewo umagwira malo ochepa kwambiri, ndiye lero ugwira, mawa pabampu usuntha. Temino yotanuka kapena yosweka muisinthe, ndi yotchipa.

Masulani ya − poyamba, kenako ya +. Chifukwa chake n'chakuti sipanala ikagunda thupi la galimoto mukumasula + pamene − idakali yomangidwa, pamathetheka moto woti n'kusungunula chitsulo. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo fodya asayandikire, batire limatulutsa mpweya woyaka. Tsukani ndi madzi otentha osakaniza ndi soda wophikira, kenako palani ndi sandipepa mutu wa batire ndi m'kati mwa temino mpaka ziwale. Anthu ambiri amathira Coca-Cola n'kusiyira pomwepo. Ufa wapamwamba umachokadi, koma pamene pamadutsa moto ndi m'kati, pogundana mtovu ndi temino, ndipo pamenepo sipayera osamasula. Pomanga yambani + kenako −, mupake girisi pang'ono kapena Vaseline pamwamba mutamanga kale.

Mukatero tsatirani waya wa −. Umakamangidwa pa thupi la galimoto, ndipo pamakhala wina, nthawi zambiri wolukana, wochoka pathupi kupita pa injini kapena pa giyabokosi. Waya ameneyu amaiwalika kwambiri galimoto ikachotsedwapo injini kapena kilachi: amamangidwa mosalimba, amamangidwa pa penti, kapena amasiyidwa akulendewera. Kumuyesa n'kosavuta. Pamene galimoto yakana, tengani waya umodzi wojampira, mbali ina mumange pa − ya batire, inayo pa chitsulo choyera cha injini. Ikalira nthawi yomweyo, earth ndiye wafa. Masulani mabauti ake, palani mpaka chitsulo chioneke, mangani molimba. Earth akafooka moto umafuna njira ina yobwerera, ndipo umatha kudutsa pa kebulo ya kilachi kapena ya mafuta mpaka kuitentha.

Waya wonenepa amathanso kuola m'kati, kunja akuoneka bwino. Mukaona chikopa chake chatupa pafupi ndi temino, kapena walimba gwa, sendani pang'ono muone. Mkuwa wake ukakhala wobiriwira kapena wakuda, waya ameneyo watha. Ndipo mukangoyesa kuliza kangapo, gwirani mosamala polumikiza paliponse. Pamene patentha ndi pamene moto ukutsamwa.

Amene ali ndi multimeter akhoza kulozeratu malo ake ndi mayeso amene amakaniko ambiri sachita. Ikani nsonga yofiira pa mutu wa + wa batire, yakuda pa bauti yaikulu ya pa solenoid imene waya wa batire wamangidwapo, mnzanu apotoze kiyi. Nambala imene ioneke ndi moto wotayika panjira, ndipo isapitirire 0.5V. Chitaninso chimodzimodzi kumbali ya earth: yofiira pa thupi la sitata, yakuda pa mutu wa −. Kuno isapitirire 0.3V. Ikakwera, sunthani nsonga polumikiza pamodzi pamodzi mpaka mupeze pamene nambala ikudumpha. Osataya nthawi kuyeza ma ohm a waya wonenepa. Kachingwe kamodzi kotsala kamaonetsa kuti waya ndi wabwino, pamene sikangathe kunyamula moto wa sitata.

Kukakhala zii

Galimoto zambiri zimene zikubwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi za otomatiki, ndipo zili ndi switch pa giyabokosi imene imaletsa sitata pokhapokha giya ili pa P kapena N. Ikatha kapena ikasuntha, galimoto imakana mwa apo ndi apo. Pondani buleki, ikani pa N, potozani. Kapena gwirani kiyi pamalo olizira, dzanja lina likugwedeza ndodo ya giya pang'onopang'ono. Ikalira, ndi switch imeneyo kapena kebulo ya giya yofunika kuichuna. Galimoto zina za manyuwo zili ndi switch pansi pa kilachi, ndipo kapeti wokhuthala amatha kuletsa phazi kufika pansi. Za batani zimafuna switch ya buleki igwire, ndiponso kabatire ka m'kiyi kakhale ndi moto.

Relay ya sitata imakhala m'bokosi la mafyuzi, pa Toyota imalembedwa ST. Ikani chala pamwamba pake mnzanu akupotoza, muimve ikugogoda. Ngati m'bokosimo muli ina yofanana nayo nambala ndi miyendo, sinthanitsani muone ngati vuto lisintha. Kiyi nayenso amatha: ngati imalira pokhapokha mukakankhira kiyi m'kati kapena kumugwedeza, switch ya kumbuyo kwa loko yatha. Mulu wa makiyi a nyumba, a ofesi ndi a geti olendewera pamenepo umathandizira kuononga.

Ndipo yang'anani pansi pa chiwongolero. Galimoto yakale yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo wina anaikamo alamu, wina switch yobisa yoopa akuba, wina anachotsa alamuyo n'kungopota mawaya ndi tepi. Tepi wakuda wofutukuka pa waya wa sitata ndi malo oyamba kuwakayikira. Mawaya opota ndi manja alumikizidwe powotcherera ndi solder kapena ndi zomangira zake.

Chigamulo cha njira yaing'ono chili pa kawaya ka pa solenoid, kamene pa zithunzi za mawaya kamalembedwa 50 kapena S. Yezani pamenepo kali kolumikizidwa, mnzanu atapotoza kiyi pa nthawi imene galimoto yakana. Pakapanda moto, vuto lili kumbuyo, ku kiyi, relay kapena switch ya giya. Pakafika 8V kapena 9V, moto ukutayika panjira ndipo solenoid ikulephera kukoka, makamaka ikatentha. Pakafika pafupifupi moto wonse wa batire koma sitata osachita kanthu, vuto lili m'sitata. Nthawi zina kapulagi kake kamangokhala kotakasuka, kukafinya ndi pulayala basi nkhani yatha.

Amakaniko amakonda kugunditsa sikuludiraiva pakati pa bauti yaikulu ndi kamwendo kakang'ono kuti sitata ilire popanda kiyi. Zimagwira, koma njira imeneyi imadumpha chitetezo chonse. Galimoto ikakhala m'giya imanyamuka inu muli kutsogolo kwake kapena pansi pake. Ngati mukuchita, giya ikhale pa nyutulo kapena P, handibuleki yokoka, mwala kutayala, ndipo manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani ndi malamba.

Kugogoda kumodzi, moto uli bwino

Batire lili bwino, mawaya ayera, lamulo likufika, koma ikungoti "kha!" kenako pa ulendo wachitatu kapena wachisanu n'kulira. Pa Corolla, Hilux, Hiace ndi galimoto zina za sitata ya Denso, chizindikiro chimenechi chimaloza pa timikuwa tiwiri ta m'kati mwa solenoid. Mukatsegula kachivundikiro ka kumbuyo, kamene kamagwidwa ndi timabauti titatu, mumapeza pulanja (kachitsulo kamene kamakokedwa mukapotoza kiyi) yokhala ndi mphete yamkuwa, ndi timikuwa tiwiri topindika, kamodzi mbali ya batire, kena mbali ya mota. Ulendo uliwonse mukaliza, mpheteyo imamenya timikuwato n'kuthetheka. Pakapita zaka, ka mbali ya batire kamadyeka mpaka kukhala ndi sitepe yooneka ndi maso, kopyapyala, pamene kanzake kadakali konenepa. Mphete ikamenya imafika pa kamodzi n'kulephera kugunda kenako. Pulanja imazungulira pang'ono nthawi iliyonse, ndiye mukabwereza imapeza pogwira. N'chifukwa chake imalira mwa mwayi.

Kutsimikiza kwake: mnzanu atagwira kiyi pamalo olizira, yezani pa bauti yachiwiri ya solenoid, yopita ku mota. Ya batire ikakhala ndi 12V koma iyi ilibe kapena ili ndi wochepa kwambiri, timikuwa tatha. Timagulitsidwa patokha pamodzi ndi pulanja, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi sitata yathunthu, ndipo wa magetsi a galimoto aliyense wodziwa ntchito amasintha. Poika tatsopano, tikhale mofanana ndi mophwathalala musanamange manati, apo ayi mubwerera komweko. Kupala takale ndi fayilo kumangogula miyezi yochepa. Pa masitata ena solenoid ndi yomata, siitseguka, imasinthidwa yonse.

Moto ukamafika pa bauti yachiwiriyo koma mota osazungulira, ndi mabulashi kapena armature (chozungulira cha m'kati mwa mota). Apa ndi pamene ndodo ija imagwira ntchito: mnzanu atapotoza kiyi, gogodani thupi la sitata pang'ono. Ikalira, mabulashi afupika kapena amatirira ndi fumbi ndi mafuta. Dziwani kuti mabulashi akatha kwambiri solenoid imathanso kulephera kukoka, chifukwa koyilo yake imodzi imadutsira m'mota, ndiye kumangokhala zii ngati vuto la kiyi. Gogodani mofatsa. Masitata ambiri ang'onoang'ono ali ndi maginito m'kati, ndipo hamala yamphamvu imawaswa, mukatero mwagula sitata ina. Kugogoda ndi kokufikitsani kunyumba ndi kokuuzani vuto, si mankhwala oyenda nawo mwezi wonse.

Galimoto yokana ikatentha yokha, n'kulira ikazizira kwa theka la ola, kawirikawiri ndi zomwezi zikungoyamba: mabulashi, solenoid yofooka, kapena moto wochepa pa kawaya kakang'ono. Kutentha kumachepetsa mphamvu ya koyilo. Onani ngati chitsulo chotchinga kutentha kwa ekizozi chidakalipo, amakaniko ena akamasula sachibwezera. Wa magetsi akhoza kuonjezera relay pafupi ndi sitata kuti solenoid izilandira moto wochoka ku batire mwachindunji, ndipo pa galimoto zakale za mawaya otopa zimathandiza. Ikamazungulira mwaulesi batire ndi mawaya zili bwino, mabushi (timphete tochirikiza armature) atha ndipo armature ikukhula m'mbali.

Mano

Sitata yothamanga yokha injini osazungulira ndiye kuti bendix (kagiya ka sitata kamene kamazunguliza injini) ikuterereka, isinthidwe. Kukukuta kwa apo ndi apo nthawi zambiri ndi mano a flywheel (gudumu la kumbuyo kwa injini limene bendix imaluma). Injini ya masilinda anayi imakonda kuima pa malo awiri omwewo, ndiye mano a pamenepo ndi amene amadyeka. Pa manyuwo, zimitsani kiyi, ikani giya yapamwamba, kankhani galimoto pang'ono kuti injini isunthe, bwezani pa nyutulo muyesenso. Ikalira bwino, mano a pamalo paja ndi otha. Mukachotsa sitata, unikani ndi tochi pabowo wina akuzunguliza injini ndi sipanala. Onaninso mabauti omangira sitata, akamasuka mano sakumana bwino. Kusintha mano a flywheel kumafuna kutsitsa giyabokosi, ndiye ndi bwino kuchitira limodzi ndi kilachi.

Chenjezo limodzi: ngati mwangodutsa m'madzi akuya nthawi ya mvula, injini n'kuzima, kenako sitata ikungogogoda, musaumirize. Madzi akhoza kukhala atalowa m'masilinda, ndipo kuumiriza kumapinda zitsulo za m'kati. Yesani kuzunguliza injini ndi sipanala pa pule ya kutsogolo. Ikakana kusuntha, itanani makaniko.

Pomasula ndi pokakonzetsa

Chotsani − ya batire musanagwire sitata, chifukwa waya wonenepa uja amakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi ali m'thumba. Jambulani mawaya ndi foni musanamasule. Ngati mukulowa pansi, galimoto isakhale pa jeki yokha, ikani zochirikiza zolimba.

Kugalaja adzaiika pansi, n'kuigunditsa ku batire, iyo n'kuzungulira, n'kukuuzani kuti ili bwino. Musavomere msanga. Sitata yopanda katundu imazungulira ngakhale timikuwa ndi mabulashi zitatsala pang'ono kutha. Auzeni zimene munayeza, ndipo apempheni aitsegule inu mukuona: timikuwa, kutalika kwa mabulashi, mkuwa wa armature pamene mabulashi amakhula, mabushi, ndi bendix, imene iyenera kuzungulira mbali imodzi n'kugwira mbali inayo. Ngati mafuta a injini akudonthera pa sitata, tsekani podonthapo, apo ayi mabulashi atsopano amatiriranso.

Ine ndimakonda kukonzetsa sitata imene inabwera ndi galimoto kusiyana ndi kugula yatsopano yotchipa yosadziwika kochokera. Mukasankha yogwiritsidwapo kale ya ku Ndirande kapena ku Biwi, tengani yanu mukafananize: mabowo a mabauti, kuchuluka kwa mano a bendix, ndi mbali imene solenoid yakhala. Mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikakana mubweza. Mukaimanga, iyeseni injini ili yozizira, kenako yendani mpaka itenthe, zimitsani, dikirani mphindi 10, muyesenso kangapo pa P ndi pa N.